Kanyumba Kam'mbali mwa Njanji

1

Amuna anga ali ndi sitima m'nyumba. Musaseke, ndikunena zoona. Kwathu kuno ku Zingalume, m'boma la Chadiza, kumene katundu amayenda pa njinga ndi pa ngolo, ine Elinata ndinakwatiwa ndi munthu amene anayala njanji m'chipinda chimene anthu anzeru akadasungiramo mtedza.

A Filimoni ankayendetsa sitima za katundu ku Kabwe. Atapuma pa ntchito anabwera kudzakhala kwathu, pa malo a amayi anga, monga amachitira mkamwini aliyense. Amuna a anzanga pochoka ku tauni amabweretsa malata, ena chigayo. Anga anatsitsa makatoni okulungidwa ngati muli mazira, ndipo m'kati mwake munali timitu ta sitima totalika ngati chitsononkho cha chimanga.

Timitu tonseti tinali ta mtundu wa dizilo. Ta malasha sankatifuna, ati iwo sanayendetsepo chinthu chofuka ngati uvuni wa njerwa. Anakhoma matabwa kuzungulira chipinda chonse, n'kuyalapo tinjanji, kuthira mchenga wosefa m'mbali mwake, utuchi wopaka utoto n'kukhala udzu. Magetsi ankachokera ku batire la sola. Masana batirelo likadzaza, ankapukuta tinjanjito ndi kansalu ka sipiriti, kudontheza mafuta m'timawilo ndi nsonga ya singano, kenako n'kupotokola kachitsulo pa kabokosi. Sitima inkadzuka n'kumalira ngati yeniyeni, mabogi akutsatira pambuyo.

Ine sindinkadandaula kwambiri. Mwamuna wosewera ndi zidole aposa mwamuna wa kachasu, ndipo alendo akabwera ndinkangowauza kuti mwana wanga wachisamba ali m'chipinda akusewera. Ndinkaseka nawo mpaka tsiku limene ndinamva dzina lija.

2

Unali mwezi wa Juni, titakolola. Ndinakhala pansi pa windo la chipindacho ndikuswa mtedza, lichero lili pamiyendo. Ndinamva sitima ikuzungulira monga mwa masiku onse. Kenako inaliza hutala, n'kuyamba kuchepetsa liwiro mpaka zii. Ndiye ndinamva mawu a amuna anga, mawu ofewa amene ine sanandilankhulepo nawo chitulukireni m'tchalitchi tsiku la ukwati.

"Ndaima, Ebelesi. Waona? Lero ndaima."

Lichero linapendekeka, mtedza n'kumwazika. Nkhuku zinathamangira, ine osazithamangitsa.

Ebelesi ndi mng'ono wanga, wotsiriza kubadwa kwa amayi. Tili ku Kabwe tinamutenga kuti aziphunzira sukulu kumeneko. Nditakhala ndi pakati pa mwana wanga Comfort ndinabwera kumudzi kudzachira kwa amayi, n'kumusiya iye akuwaphikira alamu ake. Mimba ija inandivuta, miyendo kutupa, ndinali chigonere. A Filimoni anabwera okha kudzandiona, ndipo amayi atafunsa za mwana wawo anayankha kuti watsala, sukulu sinatseke. Ulendo wotsatira ananena kuti wathawa ndi mwamuna wina woyendetsa malole, ndipo sakudziwa kumene analowera.

Comfort pano ndi mayi wa ana ake, koma Ebelesi sanatumizeko ngakhale moni. Azimayi pa mjigo anali ndi nkhani yawo. Ankati ndinasiya mbuzi m'manja mwa fisi, mtsikana wotha msinkhu nyumba imodzi ndi mlamu wake, ndipo anamupatsa mimba n'kumubisa kwinakwake. Ine ndinkawatukwana, koma mumtima ndinkawerengera zanga. Chaka chilichonse mvula ikatha amuna anga ankakwera basi kupita ku Kabwe, ati kukafuna tizitsulo ta sitima zawo, ndipo ankabwerako osafuna kuyang'ana munthu m'maso.

Ndinadana naye Ebelesi. Kaya anathawa ndi wa malole, kaya anandilanda mwamuna, kwa ine anali mwana wopanda chiyamiko, ndipo ndinkanena zimenezo mokweza. Amayi okha ndiwo sanasiye kumudikira. Maso awo anachita khungu akuyang'anabe kumsewu, ndipo galimoto ikangolira ankadzuka pamphasa n'kumafunsa kuti watsika ndani.

3

M'mawa mwake amuna anga atapita kudimba ndinalowa m'chipindamo. Sichinkakhomedwa ayi, ine ndekha ndinkachipewa poopa kuponda kanthu n'kuyambitsa maliro. Ndinatsata njanji ndi maso, kudutsa siteshoni, mlatho, ndi tinyumba ta kompaundi ta makatoni. Pamene kanjira ka anthu kamadutsa njanji ndinaona kanyumba kamene sindinakaonepo.

Tina tonse tinali ta makatoni, koma aka kanali koumba ndi dothi lenileni, kofolera udzu, kozira bwino ngati ka mkwatibwi. Pansonga pake anasanjikapo kachitsekero ka botolo koyera, kooneka ngati kambale. Mchenga wa patsogolo pake unali wosesa, nthenga yosesera ili pambali.

Ndinakayang'ana kanyumbako mpaka m'mutu munatentha. Ndiye nyumba yake ndi imeneyi! Ine ndikupsa ndi dzuwa m'munda, munthu wamkulu ali pano kusesa pakhomo pa mkazi mnzanga ndi nthenga ya nkhuku yanga.

Anandipeza ndili chiimire, iwo atanyamula mpiru.

"Bambo a Comfort, kanyumba aka n'kandani?"

Anaika mpiru uja pansi pang'onopang'ono. "N'kanyumba chabe."

"Ndiye sitima yanu imaimiranji pa kanyumba chabe? Ndinakumvani dzulo ndi makutu angawa. Muli naye kuti mng'ono wanga? Munabereka naye ana angati?"

Nkhope yawo inachita ngati phulusa. "Mayi a Comfort, chonde, zisiyeni izi."

"Kanani! Tanenani kuti ndikunama!"

Sanakane. Anangoti, "Ndifunseni china chilichonse ndiyankha, koma ichi ayi."

Ndinatola mutu umodzi wa sitima, wachikasu uja ankaukonda kuposa yonse, n'kuukweza kuti ndiuswe pansi. Ndinayembekeza kuti andigwira dzanja. Iwo anangosuntha n'kuima pakati pa ine ndi kanyumba kaja, manja atatambasula. Apo ndinaona chimene anali kuteteza, ndipo mantha anandigwira pamodzi ndi mkwiyo. Ndinauika pansi mutu uja, kumanga chitenje, ulendo wa kwa achimwene anga.

4

Achimwene anga a Yoweli ndiwo nkhoswe yanga, ndiwonso mwini mbumba yathu. Ndi munthu wa mtima wapachala. Ndinawapeza akukonza wilo la ngolo, ndipo nditangomaliza kufotokoza anaponya sipanala kutali.

"Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka," anatero. "Tinamupatsa malo, tinamupatsa munda, iye n'kudya nkhuku pamodzi ndi mwanapiye? Loweruka tiitane nkhoswe yake. Akalephera kutiuza kumene kuli mwana uja, anyamule bulangete lake aone msewu. Zidole zakezo tisonkhera moto."

Kwathu ukwati ukatha wochoka ndi mwamuna. Nyumba, munda ndi ana zimatsala kwa mkazi. A Filimoni anali atakalamba, makolo awo ku Pembamoyo anatha kalekale, ndipo kumeneko analibe ngakhale khola la nkhuku. Ndinadziwa kuti ndikuwatumiza kukafera pakhonde la munthu, koma sindinamve chisoni. Ndinkafuna chinthu chimodzi, kuti anene kumene anamubisa, kapena achoke.

Masiku otsalawo tinkadutsana m'nyumba ngati anthu okwera basi imodzi. Ndinkaphika, kuwaikira, n'kutuluka. Sitima sinalirenso.

Tinapangana ndi achimwene kuti amayi asamve kanthu. Koma amayi, chiwafereni maso, makutu awo amamva ngakhale nyerere ikuyenda. Loweruka m'mawa tisanakhale n'komwe, tinangomva ndodo ikugogoda pabwalo. Anafika okha, n'kukhala pansi pamalo pamene palibe anawaitanira.

"Mukukamba za mwana wanga," anatero. "Kambani, ndikumva."

5

Nkhoswe ya amuna anga, msuweni wawo a Evance, anafika pa njinga kuchokera ku Pembamoyo, fumbi mpaka m'nsidze. Tinakhala pakhonde. A Yoweli anaika nkhani yonse poyera, osasiya kalikonse, kenako n'kutembenukira kwa amuna anga.

"Alamu, funso ndi limodzi. Ebelesi ali kuti?"

A Filimoni ankangopinda chipewa chawo m'manja.

"Akulu, yankhulani, mukutichititsa manyazi," anatero a Evance. "Ngati munakwatira, nenani. Si inu oyamba, nkhani zotere timakonza."

"Sindinakwatire."

"Ndiye dzina lake mumalitchuliranji m'chipinda?" anakalipa a Yoweli. "Ku Kabwe mumakatani chaka ndi chaka?"

A Filimoni anapindanso chipewa chija. A Evance anagwetsa nkhope, ndipo ndinadziwa kuti nawonso ataya mtima. A Yoweli anali atayamba kale kunena kuti dzuwa lisalowe munthu ali pano, pamene amayi anagogoda ndodo pansi.

"Ndilondolereni ku kanyumbako."

Tonse tinayang'anana. Chikwatiwireni changa amayi anali asanalowepo m'kati mwa nyumba ya mkamwini wawo. Akakumana panjira ankapatukirana, ndipo polankhula ankadzera mwa ine kapena mwa ana.

"Amayi, simungalowe umo," ndinatero.

"Mwambo wandibwezera mwana wanga? Ndigwire dzanja, Elinata."

Tinalowa tonse, kupanikizana pakati pa matabwa aja. A Filimoni anatsalira pakhomo, akupuma ngati munthu wokwera phiri. Ndinatenga dzanja la amayi n'kuliika pa kanyumba kaja. Zala zawo zinasisita udzu, n'kutsika kukhoma, n'kuzungulira pang'onopang'ono. Zitafika pamene zinayambira zinazunguliranso.

"Khomo lake lili kuti?"

Ndinawerama kuyang'ana. Panalibe khomo, panalibe windo. Ine amene ndili ndi maso ndinakayang'ana kanyumbako mpaka kupsa mtima, koma zimenezo sindinazione.

A Yoweli anaseka kuseka kouma. "Nyumba yopanda khomo ndi dzira, alamu. Mwaumba dzira?"

Amayi sanaseke. Zala zawo zinali zitafika pansonga, pa kachitsekero kaja. Anakanyamula, kukatembenuza, chikhadabo chawo n'kulowa m'kabowo kamene kanali pakati.

"Mbale iyi ndi yoboola," ananong'ona.

Ine ndi achimwene tinakulira mu mpingo, timadziwa ziliza za simenti ndi mitanda. Amayi anakulira kwa agogo awo, anthu a miyambo yakale, kumene pamanda ankamangapo kanyumba, n'kuboola mbale ya malemu ndi kuisanjika pamwamba kuti wamoyo asadyerenso. Amuna anga nawonso anakulira m'mudzi wotero.

"Iyi si nyumba ya mkazi," anatero amayi. "Awa ndi manda."

Anatembenukira kukhomo ngati akuona, n'kuchita chimene anali asanachitepo, kutchula mkamwini wawo dzina.

"Filimoni, mwana wanga unamuika liti?"

6

Amuna anga anagwada pomwepo, mawondo kuchita kumveka pa simenti.

"Ankandibweretsera chakudya," anayamba. "Njanji inkadutsa kumbuyo kwa kompaundi yathu. Ndikafika pamenepo ndinkachepetsa liwiro, iye n'kundiponyera kachitini ka chakudya pawindo. Ndine ndinamuzoloweza zimenezo, amayi, tinkaziona ngati masewera. Tsiku limenelo anachedwa, anali mbali inayo. Anathamanga kuti adutse kutsogolo kwanga. Phazi linakodwa pakati pa njanji ndi thabwa."

Ndinagwira khoma.

"Ndinaliza hutala. Ndinamanga mabuleki onse. Koma sitima yodzaza siima pamene munthu wafuna. Anakweza mutu, anandiona, ndipo ine ndinamuona. Inakaima kutali."

Panja nkhunda zinkalira ngati palibe chachitika.

"Tinamuika ndi anzanga a kuntchito ndi anthu a mpingo. Nthawi imeneyo mafoni kunalibe kuno, ndinati uthenga wotere ndikanene ndekha. Ndinafika pano uli m'kamwa. Ndinapeza mayi a Comfort ali chigonere, azamba akuti asadzidzimutsidwe, tingataye onse awiri. Inu munandifunsa muli kuseri kwa nkhokwe, ine n'kuti watsala. Ndinati ndinena akachira. Atachira ndinati mwana ayambe wakhwima. Kenako ndinaona kuti ndikanena mudzandifunsa kuti ndinadya nanu bwanji miyezi yonseyi, ndipo bodza linakula kundiposa."

"Ndiye mwana wathu munamusandutsa hule wothawa ndi malole?" A Yoweli anawagwira pakhosi pa shati n'kuwadzutsa. "Munamupha, kenako munamuphanso ndi pakamwa!"

"Ndinatero, alamu. Menyani."

A Evance analowa pakati, bogi imodzi n'kugwa pansi. Ine ndinamva mawu anga akufunsa, ngati a munthu wina.

"Nanga ku Kabwe kuja?"

"Kukalambula pamanda."

"Nanga izi zonsezi? Zidole izi?"

Anayang'ana tinjanji tija, misozi ikutsikira m'ndevu. "Pano pokha ndi pamene sitima imandimvera ndikati ima."

Amayi anakhala pansi pomwepo, kutambasula miyendo, n'kuika manja kumutu. Mfuu umene anaukuwa sindinaumvepo pa maliro alionse. Anthu anasiya makasu ndi misi n'kuthamangira kwathu, ndipo woyamba kufika anafunsa kuti wamwalira ndani. Nditati Ebelesi anafunsa kuti liti, ine n'kuyamba kuwerenga zaka za Comfort ndi zala.

7

Tinalira tsiku lonselo, maliro opanda mtembo. M'mawa mwake ankhoswe anakhalanso, chifukwa nkhani ya ukwati inali isanathe. A Filimoni anali atamanga kale bulangete ndi malaya awo m'thumba, thumbalo lili pambali pawo. Timitu ta sitima sanatengeko n'kamodzi komwe.

"Mlongo wanga, mawu ndi ako," anatero a Yoweli. "Munthu uyu akhale kapena apite?"

"Apite," ndinayankha, ndipo ndinanena kuchokera pansi pa mtima. Chigololo ndikanatha kuchimvetsa, azimayi ambiri apirira zimenezo. Koma kugona pambali panga zaka zonsezi, kundimva ndikutukwana munthu wakufa, iwo osatsegula pakamwa, chimenecho chinandinyansa.

A Evance anaomba m'manja mwaulemu, kuvomereza. Amuna anga anatola thumba lija.

"Taimani." Anali amayi, mawu atasasa ndi kulira. "Elinata, iwe unamulira mng'ono wako?"

"Ndikanalira bwanji, amayi, osadziwa?"

"Unkamutukwana, ndinkakumva. Iwe Yoweli unaletsa ana kutchula dzina lake pamudzi pano. Ine ndinkadikira wamoyo, sindinagwetse msozi wa maliro n'umodzi womwe. Zaka zonsezi amene wakhala akumulira mwana wanga ndi wabodza uyu yekha."

"Amayi, munthuyu anakunamizani," anatero a Yoweli.

"Anandibera maliro, ndipo sindidzamukhululukira mpaka ndilowe m'dothi. Koma iyeyu ndiye anamuona komaliza. Ndiye akudziwa chimene anavala, nyimbo imene anamuimbira, ndi mbali imene mutu unaloza. Mukamupirikitsa apita ndi mwana wanga yense, ine nditsala ndi chiyani? Ndikufuna akhale pano, ndizimufunsa tsiku ndi tsiku, ayankhe mpaka atope."

A Yoweli anandiyang'ana. Amayi akhoza kulankhula, koma ukwati unali wanga. Ndinayang'ana bambo wokalamba ataima pabwalo ndi thumba m'manja, ndipo sindinamve chikondi, sindinama. Ndinamva kutopa, ndi manyazi aakulu.

"Ikani thumbalo pansi," ndinatero. "Mawa mutiperekeza ku Kabwe."

8

Tinapita, ine, amayi ndi achimwene, a Filimoni akutitsogolera. Amayi anagwada pa mtumbira n'kuusisita kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, akumutchula dzina laubwana limene ine ndinali nditaliiwala. Titabwerako tinameta monga amachitira anthu maliro akatha, ndipo mudzi wonse unabwera, ngakhale aja a pa mjigo, nkhope zili pansi.

A Filimoni akadali pano. Madzulo dzuwa lisanalowe amapita kukakhala pakhonde la amayi, chapatali pang'ono, ndipo amayi amawafunsa. Ankakhoza masamu? Ankaseka bwanji? Tsiku limenelo anaphika ndiwo zanji? Iwo amayankha, ngakhale funso likhale lomwe anayankha dzulo. Ine ndimamvera ndili kuseri, ndipo ndi mmene ndikumudziwira mng'ono wanga tsopano, kudzera pakamwa pa munthu amene anandibisira imfa yake.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina wina mwa inu wanyamula uthenga woipa m'kamwa, akudikira tsiku labwino loti anene. Ndikukuuzani ine, tsiku limenelo kulibe. Amuna anga ananama koyamba pofuna kupulumutsa moyo wanga ndi wa mwana wanga, ndipo mwina anaupulumutsadi, koma bodza limenelo linadya dzina la mtsikana wosalakwa, ife abale ake tikuthandizira kutafuna. Ndipo ngati muli ndi m'bale amene anapita osamvekanso, musafulumire kumuweruza monga ndinachitira ine. Simukudziwa chimene chinamutseka pakamwa.

Anzanga a chigwirizano cha amayi ku mpingo amandifunsa ngati ndinawakhululukira amuna anga. Ndimawayankha kuti sindinafike pamenepo. Ndikadali kupempha kaye chikhululuko kwa Ebelesi, ndipo iye sayankha.